UFA, UNZIKA NDI UFULU M'DZIKO LA ZAMBIA

M'mwezi wa Malichi chaka cha 1999, bwalo lalikulu lamilandu mumzinda wa Ndola lidapereka chigamulo chimene chidazunguza anthu mitu. Bwalolo lidati Dr Kenneth David Kaunda, amene adalamulira dziko la Zambia zaka 27, sadali nzika ya dzikolo. Popeza iwo sadalinso nzika ya dziko lina lililonse, chigamulocho chidatanthauza kuti nkhalamba ya zaka 74, imene nkhope yake idakhala pa ndalama za Zambia zaka zambirimbiri, idalibe kwawo. Munthu amene adalandira ufulu wa dzikolo kuchokera kwa Angerezi pa 24 Okutobala 1964 adasanduka mlendo pakhomo pake pomwe.

Mlandu umenewu sudayambire m'khoti. Gwero lake lili kutali, ndipo wofuna kulipeza ayenera kuyamba wayang'ana malire a dzikolo, kenaka asuzumire m'thumba la ufa.

Malire a pakati pa Malawi ndi Zambia adalembedwa ndi atsamunda m'zaka za m'ma 1890, potsata mitunda imene imagawa madzi, ena kutsikira kunyanja ya Malawi, ena kulowera ku Luangwa. Olemba malirewo sadafunse kuti m'mitundamo mumakhala yani. Motero mzere wawo udadutsa pakati pa Achewa, pakati pa Angoni a Mpezeni, ndiponso pakati pa Atumbuka a ku Mzimba ndi a ku Lundazi. Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika m'boma la Katete, ndipo mafumu a Achewa a ku Malawi ndi a ku Mozambique amapita kumeneko kumwambo wa Kulamba. Mwana wa ku Mchinji akhoza kukhala ndi atsibweni ake ku Chipata, munda wa agogo ake uli tsidya lino, manda awo ali tsidya lija. Kwa anthu otere, funso lakuti makolo awo adabadwira mbali iti ya malire ndi lovuta kuyankha, makamaka ngati makolowo adabadwa kalata zosonyeza kubadwa kwa munthu zisanafike m'midzi.

M'zaka zoyambirira za m'ma 1900, amishoni a ku Livingstonia adatuma mphunzitsi wachinyamata, David Kaunda, kuti akalalikire ndi kuphunzitsa pakati pa Abemba ku Chinsali. Iye ndi mkazi wake Helen adali ochokera ku Nyasaland. Adakhazikika ku Lubwa, ndipo kumeneko pa 28 Epulo 1924 kudabadwa mzime wawo, Kenneth. Mwanayo adakula akulankhula Chibemba ndi kusewera ndi ana a Abemba. Nthawi imeneyo kudalibe dziko lotchedwa Zambia, kudalibenso lotchedwa Malawi. Maiko awiriwa adali m'manja mwa mfumu imodzi ya ku England. Anthu ambiri a ku Nyasaland adatsata njira yomweyo, ena ngati aphunzitsi ndi alembi, ena kukakumba mkuwa ku Kitwe, ku Luanshya ndi ku Mufulira. Kuyambira 1953 mpaka 1963, m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuwoloka malirewo kudali ngati kupita m'boma loyandikana nalo.

Pamene Zambia inkalandira ufulu wodzilamulira, idali m'gulu la maiko olemera mu Africa chifukwa cha mkuwa. Pa K10 iliyonse imene dziko linkapeza pogulitsa katundu kunja, pafupifupi K9 inkachokera kumigodi. Koma chuma chimenechi chidali m'manja mwa makampani akunja, ndipo mbadwa zimene zidamaliza maphunziro a ku yunivesite zidali pafupifupi 100 zokha m'dziko lonse. Nchifukwa chake boma la chipani cha UNIP lidaganiza zogwira lokha chiwongolero. Lidamanga sukulu ndi zipatala zaulere, ndipo mu 1966 lidatsegula yunivesite ku Lusaka. Mu 1968, pamsonkhano wa ku Mulungushi, a Kaunda adalengeza kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani ambiri akunja. Chaka chotsatira, ku Matero, adalengeza kuti boma litenganso magawo 51 pa 100 alionse m'makampani amigodi. Pofika m'zaka za m'ma 1970 boma ndiye lidali bwana wolemba anthu ntchito, mwini sitolo, mwini basi, mwini ndege, ndiponso wogula mbewu kwa mlimi.

Pazonsezi, chimene chidafika m'mbale ya munthu aliyense chidali ufa. Bungwe laboma lotchedwa NAMBOARD, limene lidakhazikitsidwa mu 1969, linkagula chimanga kwa alimi pamtengo woikidwa ndi boma, ndi kuchigulitsa motchipa kuzigayo zikuluzikulu. Ndalama zotsala, pamodzi ndi zolipirira mayendedwe ndi kasungidwe, zinkatuluka m'thumba la boma. Dziko la Zambia lidali ndi anthu ambiri m'matauni koposa maiko oyandikana nalo. Pofika 1980, pafupifupi anthu 4 mwa 10 alionse ankakhala m'tauni, kumene nsima imachokera m'sitolo, osati m'nkhokwe. Kwa anthu amenewa mtengo wa thumba la ufa udali muyeso wa ubwino kapena kuipa kwa boma.

Nkwapafupi kunyoza anthu a nthawi imeneyo kuti adali aulesi okonda zolandira, koma kutero nkulakwira mbiri. Mmwenye wa m'sitolo sadawapatse ufawo kwaulere, ndipo ndalama zimene boma linkathira pamenepo zinkachokera m'thukuta la anthu omwewo pansi pa mgodi. Kuwonjezera apo, ufa wotchipa unkathandiza boma kuti malipiro apantchito akhale otsika, pamene mlimi wakumudzi ankalandira zochepa pa chimanga chake. Vuto lenileni lidali lakuti aliyense adatsamira pa mnzake ngati mitengo ya msasa: banja lidatsamira boma, boma lidatsamira mkuwa, ndipo mtengo wa mkuwa unkakambidwa ku London, kumene Mzambiya adalibe mawu.

Ufulu wosankha atsogoleri udayamba kufota nthawi yomwe thumba la boma lidali lodzaza. Mu 1971 a Simon Kapwepwe, mnzawo wa a Kaunda kuyambira paubwana ku Chinsali, amenenso adakhalapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, adatuluka m'boma ndi kuyambitsa chipani cha UPP. Pa mkangano wa zaka zimenezo padamveka kale manong'onong'o akuti a Kaunda ndi Mmalawi. M'mwezi wa Febuluwale 1972 chipani cha UPP chidaletsedwa, ndipo a Kapwepwe pamodzi ndi otsatira awo oposa 100 adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Komiti ya a Mainza Chona idayendera dziko kufunsa anthu za m'mene ulamuliro wa chipani chimodzi ungayendere. Sidatumidwe kukafunsa ngati anthuwo ankaufuna. Mu Disembala 1972 lamulo lidasainidwa, UNIP nkutsala yokha.

Zisankho zidapitirirabe, koma pa mpando wa pulezidenti pankaima munthu mmodzi. Wovota ankangosankha pakati pa "inde" ndi "ayi". Pachisankho china chizindikiro cha "inde" chidali chiwombankhanga, cha "ayi" chidali chule, kotero kuti anthu ankaseka mobisa kuti a Kaunda akupikisana ndi chule. Khadi lachipani lidasanduka kiyi wa pamsika ndi pokwerera basi, monga momwe zidalilinso ku Malawi m'zaka zomwezo. Anthu ambiri adapirira zimenezi. Padali pangano losalembedwa pakati pa boma ndi anthu ake: inu khalani chete, ife tidzaonetsetsa kuti mphika usakhale pansi osawira.

Pangano lotere limalimba pokhapokha mbali zonse zikusunga mawu. Mu 1973 boma la Ian Smith lidatseka malire a Rhodesia, njira yaifupi yotulutsira mkuwa, ndipo chaka chomwecho mtengo wa mafuta agalimoto udakwera padziko lonse. Pofika 1975 mtengo wa mkuwa udagwa. Boma lidaganiza kuti ndi mphepo yongodutsa, choncho lidayamba kukongola kuti zinthu zipitirire monga kale. Mphepoyo sidadutse. Mizere ya anthu ofuna shuga, sopo ndi mafuta ophikira idayamba kutalika pamasitolo aboma, ndipo amayi ankalawirira m'mbandakucha asakudziwa n'komwe chimene chabwera m'sitolomo. Pofika 1991 ngongole ya Zambia kumaiko akunja idali pafupifupi madola 7 biliyoni. Tsopano boma limene anthu ankalidalira nalonso lidali kudalira ena, makamaka bungwe la IMF ndi Banki Yaikulu Yapadziko Lonse, ndipo obwereketsawo adaloza chala pa thumba la ufa kuti ndi pamene ndalama zikuthera.

Mu Disembala 1986 boma lidachotsa thandizo lake pa ufa woyera, nkulisiya pa mgaiwa wokha. Mtengo wa ufa woyera udakwera kuposa kawiri, ndipo mgaiwa udasowa m'masitolo, pakuti eni zigayo sadaone phindu pougaya. Ku Kitwe, ku Ndola ndi m'matauni ena amigodi kudabuka zipolowe. Masitolo adathyoledwa ndipo anthu 15 adafa. A Kaunda adabweza mtengo wakale ndi kulanda zigayo zikuluzikulu kuti zikhale zaboma. Pa 1 Meyi 1987 adalengeza kuti Zambia yaleka kutsata ndondomeko ya IMF. Anthu adaomba m'manja, koma ndalama zakunja zidauma, ndipo pasanathe zaka zitatu boma lidabwereranso kwa obwereketsa omwewo, chipewa chili m'manja. Mu 1989 lidayesa njira ya makuponi ogulira ufa kwa mabanja am'tauni. Mu Juni 1990 mtengo udakweranso kuposa kawiri. Ulendo uno moto udayambira kwa ophunzira a payunivesite ku Lusaka, nufalikira m'makomboni, ndipo anthu oposa 20 adaphedwa.

Zipolowe za 1990 zidasiyana ndi za 1986 pa chinthu chimodzi chachikulu: anthu sadalirire ufa wokha, adayamba kufuula za zipani zambiri. M'mamawa wa pa 30 Juni msilikali wina, Mwamba Luchembe, adalowa m'nyumba youlutsira mawu nalengeza kuti asilikali alanda boma. Adagwidwa patangopita maola ochepa, koma m'maola amenewo anthu a mu Lusaka adali atathamangira kale m'misewu akuvina. Chimwemwe chimenecho chidauza boma zimene nyuzipepala zake zidali kubisa. Mwezi wotsatira, pa hotela ya Garden House mu Lusaka, amalonda, maloya, aphunzitsi a payunivesite ndi atsogoleri a mabungwe a anthu apantchito adakhazikitsa gulu la MMD. A Kaunda poyamba adalonjeza riferendamu, kenaka adaisiya, navomera kuti lamulo la chipani chimodzi lichotsedwe. Izi zidachitika mu Disembala 1990.

Pachisankho cha pa 31 Okutobala 1991 a Frederick Chiluba, amene adatsogolera bungwe lalikulu la anthu apantchito kuyambira 1974, adapeza mavoti pafupifupi 76 pa 100 alionse. Chipani cha MMD chidatenga mipando 125 mwa mipando 150 ya m'Nyumba ya Malamulo. UNIP idatsala ndi 25, ndipo 19 mwa imeneyi idali ya chigawo chakum'mawa, chochita malire ndi Malawi. A Kaunda adavomera kugonja mosanyinyirika natuluka m'nyumba yaboma. Pa zonse zimene adachita m'moyo wawo, ichi nchimodzi mwa zimene mbiri singaiwale, popeza nthawi imeneyo atsogoleri a mu Africa amene adachoka pampando chifukwa cha voti adali owerengeka ndi zala. Utsi wa moto umenewu udafika ku Malawi. Kudali kumsonkhano wa ku Lusaka kumene a Chakufwa Chihana adachokera pamene adamangidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo 1992, ndipo chaka chotsatira Amalawi nawonso adavotera zipani zambiri.

Boma latsopano lidachita zimene lakale linkaopa. Lidachotsa thandizo pa ufa ndi pa feteleza, lidamasula mitengo, ndipo lidayamba kugulitsa makampani aboma. Lidachita zimenezi m'chaka cha chilala choopsa cha 1992. Kampani yandege ya Zambia Airways idatsekedwa mu Disembala 1994, yamabasi nayo idatsatira, ndipo anthu zikwizikwi adachotsedwa ntchito, ambiri osalandira msanga ndalama zawo zopumira. Sukulu ndi zipatala zidayamba kulipiritsa. Katundu adadzazadi m'masitolo, mizere idatha, koma tsopano chosowa chidali ndalama yogulira. Anthu amene adavotera kusintha pofuna ufa wotchipa adapeza kuti ufa wakwera koposa kale, ndipo ena adayamba kukumbuka a Kaunda ngati munthu amene amakumbuka mkazi woyamba.

Apa ndi pamene nkhani ya ufa ikumana ndi nkhani ya unzika. Mphika ukachepa, odya amayamba kuyang'anana kuti aone amene sali wapabanjapo. Mu Febuluwale 1992 boma lidapitikitsa anthu 517 ochokera kumaiko akumadzulo kwa Africa, ambiri a iwo atasungidwa m'ndende popanda mwayi wokadandaula kukhoti. Anthu wamba sadadandaule kwenikweni, chifukwa kudali kale mphekesera zakuti alendo otere ndiwo ankazembetsa miyala yamtengo wapatali. Koma nkhwangwa imene idanoledwera mlendo sidachedwe kutembenukira mbadwa. Mu 1994 akuluakulu awiri a chipani cha UNIP, a John Chinula ndi a William Banda, adatengedwa ndi apolisi ndi kukatayidwa ku Malawi ponena kuti kwawo nkumeneko. Onse awiri adali atakhala moyo wawo ku Zambia ndi kugwira ntchito zandale kumeneko zaka zambiri popanda wowafunsa chiphaso. A Chinula adamwalira ku Malawi asanaloledwe kubwerera. Mu 1999 komiti ya maiko a mu Africa yoona za ufulu wachibadwidwe idagamula kuti boma la Zambia lidawalakwira anthu awiriwa.

Amenewo adali mayeso chabe. Nyama yeniyeni imene alenje ankailondola idali ina. A Kaunda adali atapuma pandale mu 1992, koma poona kukhumudwa kwa anthu adabwerera, ndipo mu Juni 1995 adasankhidwanso kukhala mtsogoleri wa UNIP. Misonkhano yawo idayamba kudzaza. Chaka chomwecho boma lidalengeza kuti likufufuza unzika wawo, ponena kuti iwo adachedwa kukana unzika wa Malawi kufikira 1970, ndiye kuti zaka zisanu ndi chimodzi zoyambirira adalamulira Zambia ali mlendo.

Pa nthawi yomweyo malamulo oyendetsera dziko adali kuunikidwanso. Komiti ya a John Mwanakatwe, imene idapereka lipoti lake mu 1995, idalemba mfundo zambiri zokulitsa ufulu wa anthu, ndipo idalangiza kuti malamulo atsopanowo avomerezedwe ndi msonkhano wa nthumwi za magulu onse pamodzi ndi riferendamu. M'lipotimo mudalinso mfundo yakuti wofuna upulezidenti akhale wobadwa kwa makolo amene onse awiri ndi mbadwa za Zambia. Ndipo chilungamo chifuna kuti zinenedwe kuti anthu ena adaipemphadi mfundoyi pamene komiti inkayendera dziko. Boma lidataya mfundo zambiri za lipotilo, lidakana riferendamu, koma mfundo ya makolo lidaisunga ngati dzira. Popeza MMD idali ndi aphungu ochuluka, lamuloli lidadutsa mosavuta, ndipo a Chiluba adalisaina pa 28 Meyi 1996. Lamulo lomwelo lidaletsa mafumu kuchita ndale, ndipo mwa njira imeneyi lidakolanso wachiwiri kwa a Kaunda m'chipani, Mfumu Inyambo Yeta. Mwala umodzi udagwetsa mbalame ziwiri za mumtengo umodzi, ndipo padalibe amene adakhulupirira kuti zidangochitika mwangozi.

Mipingo, maloya ndi mabungwe adatsutsa. Maiko angapo othandiza Zambia adaimitsa ndalama zawo. Nyuzipepala ya The Post, imene idadzudzula kwambiri, idaona zakuda: chaka chomwecho akonzi ake, Fred M'membe ndi Bright Mwape, adatsekeredwa m'ndende molamulidwa ndi Nyumba ya Malamulo, mpaka khoti lidawamasula. Koma boma lidali ndi njira yoziziritsira mitima. Chisankho chisanachitike, a Chiluba adalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe pamtengo wozizira kwa anthu amene ankakhalamo. Mabanja ambiri adapeza nyumba zawozawo kwa nthawi yoyamba, ndipo chimenecho sichinthu chochepa. Komabe kusiyana kwake ndi kale kuyenera kuoneka. M'nthawi ya UNIP thandizo la ufa linkafika kwa aliyense wolowa m'sitolo; tsopano thandizo lidayamba kuoneka ngati mphatso yochokera m'dzanja la mtsogoleri, yobwera nyengo yachisankho, yofuna kuthokozedwa.

UNIP idanyanyala chisankho cha pa 18 Novembala 1996. Anthu olembetsa kuvota adali pafupifupi 2.3 miliyoni okha. A Chiluba adapambana ndi mavoti oposa 70 pa 100 alionse, ndipo MMD idatenga mipando 131. Pepala lamalamulo linkati Zambia ndi dziko la zipani zambiri, koma m'Nyumba ya Malamulo mudatsala pang'ono kufanana ndi masiku a chiwombankhanga ndi chule.

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chisankho chitangotha, anthu asanu, mmodzi mwa iwo Akashambatwa Mbikusita-Lewanika, amene adali nawo pa kukhazikitsidwa kwa MMD, adakasuma ku Khoti la Suprimu kuti a Chiluba nawonso sadali oyenera kuima, chifukwa bambo awo adali ochokera ku Zaire. Kwa miyezi yambiri dziko lonse lidatchera khutu pamene mboni zinkatsutsana za mudzi umene mtsogoleri wa dziko adabadwira ndi za mwamuna amene adamubereka, nkhani zimene mwamwambo sizikambidwa pabwalo. Mu Novembala 1998 khoti lidakana dandaulolo. Oweruza adakumbutsa anthu chinthu chimene opanga lamulo adachilumpha: unzika wa Zambia udayamba pa 24 Okutobala 1964, ndipo tsikulo lisanafike padalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene adali nzika ya Zambia. Ambiri adaona kuti maganizo amenewa akadayenera kuteteza a Kaunda monga momwe adatetezera a Chiluba. Koma patangopita miyezi inayi, bwalo la ku Ndola lidapereka chigamulo chija.

Pakati pa milandu iwiriyi a Kaunda adakumana ndi zina zoopsa. Mu Ogasiti 1997 apolisi adawombera galimoto yawo ku Kabwe. Iwo adakalika pang'ono, koma a Rodger Chongwe amene adali nawo adavulala kwambiri. Pa 28 Okutobala chaka chomwecho msilikali wina wodzitcha Captain Solo adalengeza pawailesi kuti walanda boma, ndipo monga Luchembe adagwidwa tsiku lomwelo. Pa tsiku la Khirisimasi a Kaunda adamangidwa powaganizira kuti adali kumbuyo kwa chiwembucho, nakatsekeredwa kundende ya Mukobeko. Adakana kudya kufikira mnzawo wakale, Mwalimu Julius Nyerere, adabwera kuchokera ku Tanzania kudzawapepesa. Mu Juni 1998 boma lidausiya mlanduwo. Nkhani ya unzika idatha mu 2000 pa Khoti la Suprimu, a Kaunda ali nzika monga adalili kale, koma cholinga cha adani awo chidali chitakwaniritsidwa: chaka chomwecho adatula pansi utsogoleri wa UNIP.

Chimene chidaimitsa kutsetsereka kumeneku sichidali chipani chotsutsa, pakuti zipanizo zidali zitafooka. Mu 2001 otsatira a Chiluba adayamba kukopa anthu kuti malamulo asinthidwe, mtsogoleriyo aimenso kachitatu. Mipingo, bungwe la maloya ndi mabungwe a amayi adagwirizana m'gulu lotchedwa Oasis Forum. Anthu adavala tinsalu tobiriwira pachifuwa, ndipo Lachisanu lililonse madzulo oyendetsa galimoto ankaliza mahutala m'misewu ya Lusaka posonyeza kukana. Ngakhale wachiwiri kwa pulezidenti, a Christon Tembo, pamodzi ndi nduna zingapo adakana, nachotsedwa m'chipani. Mu Meyi 2001 a Chiluba adalengeza kuti sadzaimanso. Chaka chotsatira, mu Julayi 2002, bilu yofanana nayo idalephera m'Nyumba ya Malamulo ya Malawi.

A Levy Mwanawasa, amene adapambana chisankho cha Disembala 2001 ndi mavoti pafupifupi 29 pa 100 alionse, adachotsetsa chitetezo cha a Chiluba kuti aimbidwe milandu yakuba ndalama zaboma. Khoti la ku London lidawapeza olakwa pa mlandu wobweza ndalama mu 2007, koma khoti la ku Lusaka lidawamasula mu 2009. A William Banda adabwerera kwawo, ndipo patapita zaka adakhala wapampando wa MMD m'chigawo cha Lusaka, chipani chomwe chija chidawataya kumalire. Chizolowezi chotcha wotsutsa kuti ndi mlendo sichidafe msanga: mu 2004 boma lidalamula kuti Roy Clarke, Mngerezi amene adakhala m'dzikomo zaka makumi angapo ndi kukwatira komweko, achoke chifukwa cha nkhani yanthabwala imene adalemba mu The Post yofanizira atsogoleri ndi nyama zakutchire. Makhoti adaletsa. Nalo thandizo laboma lidabwerera m'chovala china: mu 2002 boma lidayambitsa ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo, imene idakhala nkhani yaikulu pamisonkhano yokopa anthu m'zisankho zotsatira.

Mfundo ya makolo idakhalabe m'malamulo zaka pafupifupi 20. Pulezidenti Michael Sata atamwalira mu Okutobala 2014, wachiwiri wawo, a Guy Scott, wobadwira ku Livingstone mu 1944 kwa makolo ochokera ku Britain, adagwirizira mpando miyezi itatu, koma sadaime pachisankho cha Januwale 2015. Mu Januwale 2016 malamulo adasinthidwa, ndipo mawu onena za makolo a wofuna upulezidenti adachotsedwa.

A Kaunda adamwalira pa 17 Juni 2021 ali ndi zaka 97. Boma lidalengeza masiku 21 akulira. Ena a m'banja lawo adafuna kuti aikidwe pafupi ndi mkazi wawo, mayi Betty, ndipo adapita nazo kukhoti, koma boma lidaumirira kuti munthu wotere ndi wa dziko lonse. Pa 7 Julayi adaikidwa ku Embassy Park mu Lusaka, kumanda a atsogoleri a dziko, m'bwalo lomwelo m'mene mudagona kale a Frederick Chiluba.